Liu la "Mlandu" m'Bwalo la ku Randburg

Dziko la South Africa lidathetsa mu 1969 mchitidwe woti anthu wamba, otchedwa jury, azigamula milandu atalangizidwa ndi woweruza. Komabe vuto la kumveketsa lamulo kwa munthu wamba silidathe. Mmalaŵi wokhala ku Kya Sand akaimbidwa mlandu ku Randburg, malamulo aakulu a 1996 amampatsa ufulu wa womasulira. Apa Chicheŵa chimaphatikiza zinthu ziŵiri m'liu limodzi, "mlandu". Pamene boma likuzenga munthu, umboni suyenera kusiya chikayiko chomveka; pa mkangano wa ngongole, umakwana ukangolemera kuposa wa mnzake. Choncho womasulira akangoti "mlandu", osafotokoza, mwini nkhaniyo sadziŵa muyeso umene akumuyesera.