Kumene Mwana wa ku Nkhunga Amakagona Akapita ku Yunivesite

Ku Nkhunga kulibe yunivesite. Mwana wa m'dera la Mfumu Kanyenda akakhoza bwino mayeso a Fomu 4 n'kusankhidwa, amanyamula chikwama, ndowa ndi kathumba ka mpunga, n'kukadikira basi pa Dwangwa. Msewu wa M5 umamutengera kumpoto ku Mzuzu, kapena kumwera, kudzera ku Salima, ulendo wa ku Bunda, ku Zomba, ku Blantyre ngakhale ku Thyolo. Makolo amakhala atawerengera kale fizi ndi thiransipoti. Chimene chimawadzidzimutsa mochedwa n'chakuti mwanayo akafika akagona pati.

Kale funso limeneli kunalibe. Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba mu 1965 ku Blantyre, ndipo anali ochepa kwambiri. Chancellor College itasamukira ku Chirunga, mu Zomba, mu 1973, olemba mapulani adaika mahositelo pabwalo limodzi ndi makalasi ndi laibulale. Aliyense amene adapondako amakumbukira njerwa zofiira ndi makonde ofolera aja, amene munthu amayendamo osanyowa ngakhale mvula ya ku Zomba ikukhuthuka. M'makondemo ndi mmene ophunzira amaima n'kumatsutsana za phunziro limene angotulukamo kumene. Amene adajambula malowo ankadziwa kuti maphunziro amapitirira kunja kwa kalasi.

Kenako ophunzira adachuluka, koma mabedi sadachuluke nawo. Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999 m'nyumba zimene poyamba zinali za sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Ya MUST ku Thyolo, yotsegulidwa mu 2014, idamangidwa ndi mahositelo ake kuchokera pachiyambi, koma m'masukulu akalewa ophunzira ambirimbiri amachita lendi kunja: ku Chikanda mu Zomba, ku Luwinga mu Mzuzu, ku Chitawira ndi ku Ndirande mu Blantyre.

Zipinda zambiri za lendizi zimafanana. Zimamangidwa mondandalika kuseri kwa nyumba ya alandilodi, khoma lakumbuyo n'kukhala mpanda womwewo. Windo ndi limodzi, laling'ono, nthawi zina loyang'anizana ndi bafa. Pamwamba ndi malata okhaokha opanda siling'i. Mbaula ili pakhomo, zochapa zapachikidwa pachingwe chodutsa pamwamba pa bedi, mabuku ali pabedi pomwepo chifukwa tebulo lilibe pokhala. Alandilodi sangadzudzulidwe kwambiri, poti iwo amawerenga zitseko, ndipo chitseko chilichonse ndi ndalama ya pamwezi. Koma powerenga zitseko, malo okhala panja amatha. Palibe mthunzi woti anthu anayi akhale pansi n'kuthandizana masamu, ndipo mtsikana wochokera ku laibulale usiku amadutsa tinjira tamdima, mtima uli m'mwamba. Ana a m'masekondale oyendera amene amachita selofu pamisika ya m'mbali mwa nyanja amayamba kulawa moyo umenewu asanafike n'komwe ku koleji.

Chitsanzo cha mmene zingakhalire chili pafupi, kungodutsa nkhalango ya Nkhotakota. Pachipatala cha boma ku Kasungu pali nyumba za chidikiro zimene zidamangidwa mu 2015 potsatira pulani ya bungwe la MASS Design Group. N'zoona kuti si za ophunzira, koma vuto lake ndi lomwelo: anthu ambiri, achilendo kwa wina ndi mnzake, okhala pamodzi kwa kanthawi kutali ndi kwawo. M'malo momanga holo imodzi yaitali, akatswiriwo adagawa malowo m'tizipinda ta anthu ochepa, tozungulira timabwalo ting'onoting'ono, monga mmene nyumba za pamudzi zimayang'anirana. Makoma ndi a njerwa zadothi zopanikizidwa, zosaotcha. Madenga adatuluka kwambiri kunja kwa makoma, moti pansi pake pali mthunzi ndi pokhala. Amayi amacheza, kuphika ndi kuchapa panja koma pofoleredwa. Mukachotsapo amayiwo n'kuikapo ophunzira, pangafunike kuwonjezera matebulo, magetsi ndi intaneti basi.

Ku Burkina Faso, dziko lotentha kuposa kuno, Francis Kéré adamanga sukulu ya pulayimale kwawo ku Gando mu 2001. Adakweza malata m'mwamba, kutali ndi siling'i ya njerwa zadothi, kuti mphepo izidutsa pakati n'kuchotsa kutentha kusanatsikire m'kalasi. Mu 2022 adalandira mphotho ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba koposa kwa olemba mapulani a nyumba, ndipo adali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Nzeru yakeyo siilira makina oziziritsira mpweya, ndiponso siidalira magetsi amene amazimazima.

Kunyanja nzeru imeneyi ndi yofunika kuposa ku Zomba kapena ku Mzuzu. Mu Okutobala ndi Novembala, chipinda cha malata otsika ku Dwangwa sichilowedwa masana, ndipo usiku munthu amangotembenuka pabedi mpaka tambala woyamba. Wophunzira wosagona sangawerenge. Nyumba yogona ophunzira kumeneku imafuna mawindo mbali ziwiri zoyang'anizana kuti kamphepo ka kunyanja kazilowa uku n'kutulukira uko, ndipo mawindowo akhale ndi waya wotchinga udzudzu, chifukwa malungo ndiwo matenda a tsiku ndi tsiku m'boma la Nkhotakota. Makoma aatali asayang'ane kotulukira kapena kolowera dzuwa. Khonde likhale lalikulu moti n'kuikapo tebulo, osati kakhonde kongokwana nsapato. Denga limangiriridwe molimba podziwa kuti mwera ukafika m'miyezi yozizira sunyengerera. Mitengo ya mango imene omanga amathamangira kugwetsa poyeretsa malo ndiyo iyenera kulowa m'pulani poyamba, nyumba n'kumazungulira iyo.

Palinso madzi. Kumapeto kwa February 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira, mabanja ambiri adathawa m'nyumba zawo ndipo msewu wa M5 udaduka. Aliyense womanga kogona ana a eni m'chigwa chimenechi ayenera kuyamba wafunsa akuluakulu a m'mudzi kumene madzi adafika chaka chimenecho, kenako akweze maziko, akumbe ngalande, ndipo zimbudzi aziike pamalo amene sizingasefukire n'kuipitsa mjigo. Kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pazomanga za boma ndi za malonda, choncho zina mwa njira zotsala ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zopanikizidwa ngati za ku Kasungu zija.

Dwangwa ikukula chifukwa cha fakitale ya shuga ndi ya ethanol, ndipo kumene kwadzaza anthu chonchi masukulu a ntchito zamanja ndi makoleji satenga nthawi kufika. Malo akadalipo. Khonsolo ya Nkhotakota, imene imavomereza mapulani a zomanga, ikalandira pulani ya hositelo iyenera kuwerenga zambiri kuposa mabedi: mipopi ilipo ingati, ophunzira aziphikira pati ndi kuyanika zovala pati, njira yopita kukalasi ili ndi nyale za sola kapena ayi, ndiponso ngati wophunzira woyenda panjinga ya olumala angafike ku bafa popanda womunyamula.