Chaulere Chiyambire pa Khomo la Matenite

Akatolika tili ndi mawu okoma onena za chisomo cha Mulungu: timati chaulere. Ndi chinthu chimene munthu walandira osachigula, osachigwirira ntchito. Mawuwa timawatchula tsiku ndi tsiku m'mapemphero, koma mayeso ake enieni ali pa khomo la matenite, pamene mayi wafika mochedwa, usiku, atalakwitsa zonse zimene tinamuphunzitsa ku sikelo.

Amayi otere sasowa m'mbali mwa nyanja ku Salima. Wina wachokera ku Lifuwu kapena ku Senga Bay pa njinga ya kabaza, matenda atayamba kale. Mwamuna ali pa nyanja kukapha usipa ndipo adzatuluka m'mawa. M'dzinja mtsinje wa Linthipe ukadzaza, misewu ya m'midzi imasanduka matope. Tinamuuza kuti adzadikirire kuchipatala mwezi wake ukakwana, koma kudikira kumafuna ufa, nkhuni ndi munthu wotsala ndi ana kunyumba. Ambiri sachedwa chifukwa cha mwano ayi.

Dziko lathu lapita patsogolo pa uchembere. Boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Komabe kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Amayi anamvera, anabwera. Funso latsala kwa ife: akafika timawalandira bwanji? Mu 2014 bungwe la WHO linatulutsa chikalata chodzudzula kunyoza ndi kuzunza amayi pobereka, chifukwa vutoli lili m'maiko ambiri.

Ophunzira anga a unamwino ndimawauza kuti kukoma mtima ndi chida cha ntchito, ngati magolovesi. Taganizirani za mwanamphepo, mankhwala a zitsamba amene amayi ena amamwa kuti matenda afulumire. Mankhwalawa angachititse chiberekero kukoka mwamphamvu kopitirira muyeso, mwana nkubanika, chiberekero nkung'ambika. Mzamba ayenera kudziwa msanga ngati mayi wamwa, wamwa wochuluka bwanji, nthawi yanji. Koma mayi amene wakalipiridwa pa khomo saulula. Amangoti, "Sindinamwe kanthu." Amene wapatsidwa moni, nkufunsidwa motsitsa mawu kuti, "Amayi, tiuzeni zonse kuti tikuthandizeni bwino, palibe mlandu pano," amanena. Yankho limenelo ndi limene limatiuza kuti tiitane dokotala kapena ambulansi nthawi isanathe.

Chimodzimodzi mayi amene waberekera panjira. M'madera ena amaopa chindapusa cha amfumu, ndipo amaopanso pakamwa pa namwino. Mantha akapambana amabwerera kunyumba. Komatu kutaya magazi ambiri mayi atabereka kungathe kupha m'maola awiri okha. Mayiyo amafunika jakisoni wa oxytocin, kuona ngati nsengwa yatuluka yonse, ndi kufunditsa mwana pachifuwa pake. Mafunso onse angadikire mawa.

Chaulere sikulekerera. Za kuopsa kwa mwanamphepo tiyenera kunena, ndipo tinene mosabisa. Nkhani yagona pa chimene chiyambe ndi chimene chitsatire. Pa Mateyo 18 Ambuye Yesu akusimba za wantchito amene anakhululukidwa ngongole yaikulu, koma atangotuluka anagwira pakhosi mnzake wa ngongole yochepa. Ifenso tinalandiridwa tisanakonze njira zathu. Choncho tiyambe talandira, tithandize, kenaka tiphunzitse. Uphungu woperekedwa mayi atasamba, atamwa phala, mwana akuyamwa, umalowa. Woperekedwa mokalipa pakati pa ululu umangosiya chipsera.

Kuno ku nyanja ambiri mwa amene timawathandiza ndi abale athu achisilamu, ena amalankhula Chiyao. Chaulere sichifunsa mpingo. Kuphunzira moni wa chilankhulo chawo, kutseka katani poyeza, kupempha chilolezo tisanagwire thupi la munthu, kumutchula dzina m'malo mwa nambala ya bedi: zonsezi sizifuna ndalama.

Nzoona kuti azamba ndi ochepa, ndipo mzamba mmodzi amatha kuyang'anira amayi angapo usiku wonse. Nayenso amafunika chaulere. Oyang'anira zipatala aziona kuti anamwino akupuma, ndipo odikirira odwala asaiwale kunena zikomo.

A m'miphakati nanu muli ndi gawo. Dziwani amayi oyembekezera a m'dera lanu, Mkatolika kapena ayi. Sonkhani kaufa ndi nkhuni za wokadikira kuchipatala, gwirizanani wotsala ndi ana ake, sungani nambala ya wakabaza wodalirika. Ndipo mukamva kuti wina waberekera kunyumba, musayambe ndi kumuimba mlandu. Mutengeni, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.