MAKANDULO A USIKU: MWAMBO WACILENDO WOMERA PA MUZU WA MAKOLO

KATETE — Munthu akamwalira m'midzi ya Acewa ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi, palibe mnansi amene agona m'nyumba mwace usiku umenewo. Amai asonkhana m'nyumba ya siwa pamodzi ndi ofedwa, pamene amuna akhala pabwalo kuotha moto wa zitsa kufikira tambala atalira. Wina abwera ndi ufa, wina nkhuni, wina alibe kanthu koma afika ndithu, pakuti cofunika ndi kuonekera nkhope. Wosafika pa mcezo wa maliro, anthu amsunga mumtima.

Cifukwa cace anthu a kuno sanadabwe kwambiri pamene mwambo woyatsa makandulo usiku unafika. Oyamba kuuzolowera anali Akristu. Pa Loweruka Loyera, usiku wa Pasaka, a Katolika asonkha moto kunja kwa chalichi. Wansembe audalitsa nayatsirapo kandulo yaikulu, ndipo yense ayatsa yace kucokera kwa mnzace mpaka nyumba imene inali mu mdima iwala yonse.

Koma makandulo okumbukira akufa ndi matenda a Edzi anayambira kutali. M'mwezi wa May 1983, amuna odwala matendawa mu mzinda wa San Francisco ku America anayenda mumseu usiku atagwira makandulo, kuti dziko liwaone kuti ndi anthu ngati ena onse. Mwambowo unafalikira m'maiko ambiri, ndipo ucitika Lamulungu lacitatu la May caka ndi caka. Muno m'Zambia makandulo ayatsidwanso madzulo a pa 30 November, kukonzekera tsiku la Edzi la pa 1 December, limene linayamba mu 1988.

Akulu-akulu akumbukira bwino zaka zimenezo. Maliro anali kutsatana, adzukulu osapuma kukumba. Pa siwa anthu anali kufika monga mwa mwambo, koma dzina la nthenda silinali kuchulidwa. Abale ankati ndi mdulo, kapena ufiti wa amalume. Ena ankangonong'ona kuti "kaliwondewonde". Mkazi wamasiye ankabwerera kwao ndi manyazi, nthawi zina atalowedwa cokolo ndi mlamu wace, ndipo matenda anapitirira. Mcezo wa makolo unatonthoza ofedwa, inde, koma unabisa cimene cinali kupha anthu.

Amene anang'amba cinsinsi anali Dr Kenneth Kaunda. Mu October 1987, ali Mtsogoleri wa dziko, anauza anthu poyera kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu December 1986, anafa ndi Edzi. Pa masiku amenewo ngakhale mfumu ya mudzi sikadalimba mtima kunena zotero za mwana wace.

Nchito ya makandulo ili pomwepo. Anthu aimirira pagulu, nkhope zili kuonekera m'kuwala, nabvomereza cimene cinatenga abale ao. Apemphera, aimba, ndipo a zaumoyo apezerapo mpata wolimbikitsa anthu kukapimitsa magazi ndi kusaleka mankhwala pakati.

Kucokera mu 2005 Boma lipereka mankhwala a ma ARV kwaulere m'zipatala, kuphatikizapo ca St Francis ku Katete. Tsono pakati pa ogwira makandulo masiku ano palinso ena amene akhala pa mankhwalawa zaka zambiri, alima minda yao, ndipo aona adzukulu ao akubadwa opanda kacirombo.