Pansi pa Nthaka ya ku Joni Pali Siteshoni ya Sitima

Madzulo ena m'mwezi wa June, chifunga chitakuta nkhalango ya paini kuno ku Chikangawa, tinali kuwotha moto kukhitchini pamene foni inalira. Anali mnyamata wa m'banja mwathu amene anapita ku Joni kukagwira ntchito. Anatumiza chithunzi pa WhatsApp ataima pamalo owala bwino, ndipo analemba kuti ali pansi pa nthaka, akudikira sitima. Agogo aakazi atangomva mawu akuti pansi pa nthaka, nkhope yawo inagwa.

"Mwanayu walowanso mumgodi?" anafunsa. "Agogo ake anabwerako ndi chifuwa kumeneko."

Tinawatsimikizira kuti si mgodi, ndi siteshoni ya sitima yotchedwa Gautrain ku Sandton. Komabe nkhawa yawo inali yomveka. Kwa ife a ku Mzimba, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, kulowa pansi pa mzinda umenewo kuli ndi mbiri yowawa. Nanga munthu angaime bwanji pansi penipeni osabanika, osamizidwa ndi madzi, ndiponso osasowa potulukira? Yankho lake lili m'mamangidwe a masiteshoni amenewa.

Mzinda umene unayamba ndi kukumba

Johannesburg inayamba mu 1886 pamene golide anapezeka pachitunda cha Witwatersrand. Kuyambira nthawi imeneyo amuna ochokera m'mayiko ambiri, a ku Malawi kuno ali pomwepo, ankapita kumigodi, ambiri kudzera ku Wenela ndipo pambuyo pake ku Theba. Ankaboola miyala m'malo otentha, opanikiza ndiponso afumbi. Fumbi la miyalayo likalowa m'mapapo limayambitsa matenda a silicosis, amene sachira ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. N'chifukwa chake agogo athu amakumbukira chifuwa akamva za pansi pa nthaka.

Siteshoni yaikulu ya mumzindawo, Park Station, nayo ndi yakale. Chinyumba chake cha zitsulo ndi magalasi cha mu 1897 chinapangidwa ku Netherlands n'kubwera pa sitima yapamadzi, ndipo lero chinasamutsidwira ku Newtown, pafupi ndi mlatho wa Nelson Mandela. Park Station ndi pamene mabasi ambiri ochokera kutali amafikira, kotero abale athu ochuluka anayamba kuona Joni ali pamenepo, chikwama kumanja. Siteshoni ya pansi pa nthaka ya Gautrain inamangidwa moyandikana ndi malo omwewo.

Ntchito yomanga Gautrain inayamba mu September 2006. Dzinali linachokera ku Gauteng, dzina la chigawocho, lomwe m'Chisotho limatanthauza malo a golide. Njanji yonse ndi yotalika makilomita 80 ndipo ili ndi masiteshoni 10, kulumikiza Johannesburg, Pretoria ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Pafupifupi makilomita 15 a njanjiyi ali mumphanga ya pansi pa nthaka, kuchokera ku Park kulowera kumpoto mpaka kufupi ndi Marlboro, ndipo masiteshoni atatu ndiwo ali pansi: Park, Rosebank ndi Sandton. Anasankha kudutsa pansi chifukwa pamwamba panali podzaza kale ndi nyumba, misewu ndi zitunda. Gawo loyamba, lochokera ku Sandton kupita kubwalo la ndege, linatsegulidwa pa 8 June 2010, kutatsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa World Cup uyambe.

Mmene anakumbira

Nthaka sinali yofanana njira yonse, kotero makumbidwe anali osiyanasiyana. Pamene panali thanthwe lolimba, ankaboola mabowo, kuikamo zophulitsira, kuchotsa miyala yosweka, kenaka kulimbitsa denga ndi zitsulo ndi konkire asanapitirire. Ndi luso lomwelo la kumigodi. Koma kum'mwera kwa Rosebank, pamtunda wa makilomita pafupifupi atatu, mwala unali wofumbwa ndiponso wodzaza madzi, moti kuphulitsa kukanatha kugumula denga. Pamenepo anagwiritsa ntchito chimakina chopangidwa ku Germany chimene chimapera nthaka kutsogolo, kumbuyo chikusanja zidutswa za konkire mozungulira ngati mphete. Anachipatsa dzina loti Imbokodo, mawu a Chizulu otanthauza mwala woperera, umene ife timaudziwa pa mphero.

Masiteshoni a Park ndi Rosebank anawamanga poyambira pamwamba. Amisiri anayamba alimbitsa makoma a m'mbali, kenaka anakumba chidzenje chachitali ngati bokosi, kumanga siteshoni m'katimo, kuvundikira pamwamba ndi kubwezeretsa msewu. Lero munthu woyenda pagalimoto mumsewu wa Oxford ku Rosebank sangadziwe kuti pansi pa matayala pali anthu amene akudikira sitima.

Ku Sandton ndiko kozama kwambiri, mamita opitirira 40, monga kutsika nyumba ya nsanjika zoposa khumi. Kumeneko anakumba zitsime zikuluzikulu zotsika, ndipo pansi pake anasema mphanga zoimamo sitima. Wokwera amatsika pa masitepe oyenda okha, nsanjika ndi nsanjika, kapena pa chikepe ngati ali ndi katundu, mwana wakhanda kapena njinga ya olumala.

Ngakhale njanji yake ndi yosiyana ndi yathu. Njanji ya ku Malawi, imene kuno kumpoto sinafike, ndi yotambalala mamilimita 1,067, monganso njanji zambiri za ku South Africa. Ya Gautrain ndi mamilimita 1,435, ndipo sitima zake zoyendera magetsi zimathamanga mpaka makilomita 160 pa ola. Kuchokera ku Sandton kukafika kubwalo la ndege ndi mphindi pafupifupi 15.

Mtengo wa mthethe pakati pa konkire

Okonza mapulani a masiteshoniwa anatengera chitsanzo pa mtengo wa mthethe, umene nthambi zake zimayala ngati ambulera ndipo apaulendo amapuma pamthunzi pake. N'chifukwa chake pamakomo a masiteshoni mizati yachitsulo imagawikana pamwamba ngati nthambi zonyamula denga. Polowera pali magalasi ambiri kuti kuwala kwa dzuwa kutsike kufika pamene kungafike, ndipo kupitirira apo nyale ndi makoma owala ndi zimene zimathandiza kuti munthu asadzimve ngati ali m'dzenje. Zikwangwani n'zofanana pasiteshoni iliyonse, kuti mlendo amene sadziwa mzindawo asasochere.

Zimenezi si zokongoletsa chabe. Munthu amene ali pamalo amdima ndi opanikiza amachita mantha, ndipo khamu la anthu amantha pamasitepe ndi ngozi kale.

Mpweya, madzi ndi potulukira

Sitima yoyamba ya pansi pa nthaka padziko lonse inayamba kuyenda ku London pa 10 January 1863, pakati pa Paddington ndi Farringdon. Inkayendera malasha, ndipo utsi unkadzaza mumphangamo moti anachita kusiya mipata yotulukira utsi. Vutoli linachepa pamene sitima zamagetsi zinabwera. Kuyambira pamenepo womanga siteshoni ya pansi pa nthaka amayamba waganizira mpweya asanaganizire utoto. M'masiteshoni a Gautrain muli mafani aakulu amene amasintha mpweya tsiku lonse, ndipo moto utabuka angakoke utsi kuuchotsa kumene anthu akuthawira. M'mbali mwa mphangayo anakumbanso zitsime zingapo zangozi zofika pamwamba, kuti opulumutsa anthu akhale ndi polowera sitima itaima pakati pa masiteshoni.

Madzi ndiwo anavuta koposa. Gawo lochokera ku Pretoria kufika ku Rosebank linatsegulidwa pa 2 August 2011, koma kachigawo kotsala, kochokera ku Rosebank kufika ku Park, kanakhala kotseka. Madzi a m'nthaka ankalowa mumphanga mochuluka kuposa mlingo umene anagwirizana. Amisiri anabwereranso kukapopera simenti m'ming'alu ya miyala ndi kukonza ngalande ndi mapampu, ndipo sitima zinayamba kufika ku Park pa 7 June 2012, patapita miyezi khumi. Ntchito ya ndalama zankhaninkhani inadikira madzi odontha. Mpaka lero madzi amene amalowa amasonkhana pamalo otsika n'kumapopedwa usana ndi usiku.

Ukhondo nawo ndi mbali ya chitetezo. Mu Gautrain saloleza kudya, kumwa, kutafuna chingamu kapena kusuta mukangodutsa pageti. Abale athu ongofika kumene amadabwa nalo lamuloli, koma pansi pa nthaka nyenyeswa zimaitana makoswe, ndipo zinyalala zimatseka ngalande kapena kugwira moto.

Zimene tingabwere nazo kumudzi

Sitikuyembekeza siteshoni yotere pa Mzimba boma kapena pa Jenda. Koma ndalama za ku Joni zikumanga nyumba zambiri m'midzi yathu, ndipo mafunso atatu a amisiri aja ndi athunso. Kodi mpweya ulowera pati ndipo utulukira pati? Kodi madzi a mvula apita kuti? Kodi moto utabuka usiku titulukira pati? Kuno ku Chikangawa kumazizira, ndipo timakonda kutseka zenera lililonse n'kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda. Mpweya woipa wa makala suoneka ndipo sununkha, koma umapha munthu ali mtulo. Nyumba ya malata okongola koma yopanda timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo, yokhala ndi makoma achinyezi ndi zitsulo zotsekeratu zenera lililonse, imadwalitsa eni ake ngakhale itadya ndalama zambiri. Ndipo wachibale amene anagwirapo ntchito kumigodi akamatsokomola kwa milungu iwiri, tipite naye kuchipatala akayezedwe TB, osadikira.

Usiku uja tinaimbira mnyamata wathu atatuluka pamwamba, ndipo agogo analankhula naye okha.

"Iwe, ukupuma bwino kumeneko?"

"Ndikupuma bwino, agogo. Mumawomba kamphepo ngati ka kwathu konko."

Agogo anakhala chete pang'ono, kenaka anatiuza kuti titsegule zenera la kukhitchini, utsi wachuluka.