Kutsuka mpope wa mfuti

Kutsuka mpope wa mfuti ndi ntchito yochotsa zotsalira mkati mwa paipi yachitsulo imene chipolopolo chimadutsamo mfuti ikawomba, kenako n'kupakamo mafuta oteteza ku dzimbiri. Asilikali, apolisi, alenje ndi anthu opikisana kuwombera chandamale amagwira ntchitoyi kuti mfuti isawonongeke komanso kuti zipolopolo zizigwera pamene munthu walozetsa. Anthu ambiri amaganiza kuti kuthiramo mafuta n'kokwanira, koma zotsalira mu mpope ndi zamitundumitundu, ndipo mankhwala amene amachotsa mtundu wina nthawi zambiri sagwira pa mtundu unzake.

Mmene litsiro limasokonezera kulunjika

Mkati mwa mpope wa mfuti zambiri muli timizere tozokotedwa mopotana ngati chingwe. Chipolopolo chikamadutsa, timizereti timachiluma n'kuchizunguza, ndipo kuzungulirako n'kumene kumachititsa kuti chisagubuduke mumlengalenga. Mu mfuti ya Lee-Enfield ya .303, timizereti timamaliza kuzungulira kamodzi pa mainchesi 10 alionse, choncho chipolopolo chotuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 740 pa sekondi chimazungulira maulendo oposa 2,900 pa sekondi imodzi. Timizereti n'tosaya kwambiri, pafupifupi ngati kukhuthala kwa pepala. Litsiro likaunjikana kapena dzimbiri likadya chitsulo, chipolopolo chilichonse chimakhula mosiyana ndi chinzake, ndipo zipolopolo zimayamba kumwazikana pachandamale.

Mitundu ya zotsalira

Choyamba ndi mwaye wa wonga. Wonga wakuda, umene unkagwiritsidwa ntchito m'mfuti zakale zothira kukamwa monga gogodera, umasiya zotsalira zoposa theka la kulemera kwake, ndipo zimenezi zimakoka chinyezi. Mankhwala ake ndi madzi otentha ndi sopo basi. Wonga wosafuka utsi, umene Paul Vieille anapanga ku France m'chaka cha 1884, umasiya mwaye wochepa, koma ukapsa mobwerezabwereza umauma n'kumamatira ngati makoko a mumphika, makamaka koyambirira kwa mpope kumene kumatentha kwambiri.

Chachiwiri ndi mtovu, umene umapalika kuchokera ku zipolopolo zopanda chikuto. Uwu susungunuka msanga ndi mankhwala ndipo umafuna bulashi. Chachitatu ndi mkuwa wochokera ku chikuto cha zipolopolo zothamanga kwambiri. Zipolopolo zoyambirira za .303 za ku Britain ndi za .30-06 za ku America zinkakutidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel, ndipo chitsulo chimenechi chinkasiya timabulumwa chakukamwa kwa mfuti. Vutoli linachepa pamene opanga zipolopolo anayamba kusakaniza mkuwa ndi zinc, ngakhale silinatheretu. Mkuwa umasungunuka ndi amoniya, ndipo kansalu kamene kadutsa mu mpope kamatuluka ka buluu ngati mkuwa ukadalimo. Apa ambiri amanamizika: bulashi yotsukira nayonso imakhala yamkuwa, ndiye munthu angathe kupukuta tsiku lonse akuona buluu, pamene akusungunula bulashi yake yomwe.

Nkhani ya mchere

Chotsalira chachinayi sichioneka ndi maso, koma ndi chimene chinawononga mfuti zambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Msilikali ankatsuka mfuti bwinobwino, n'kuipaka mafuta, koma pakapita masiku angapo ankapeza dzimbiri lamera pansi pa mafutawo. Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti utsi wa wonga umalowa m'chitsulo n'kumatuluka pang'onopang'ono ngati thukuta.

M'chaka cha 1922, Wilbert J. Huff wa ku Bureau of Mines ku America anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti wonga sunali wolakwa. Gwero lake linali primer, kachipangizo ka kumatako kwa chipolopolo kamene kamayatsa wonga kakamenyedwa. Munkakhala mankhwala otchedwa potassium chlorate, amene akapsa amasanduka potassium chloride, mchere wofanana ndi wa m'ndiwo. Mchere umakoka chinyezi, ndipo susungunuka m'mafuta. Mafuta ankangoufundira pamwamba, dzimbiri n'kumadya pansi. Chimene chimausungunula ndi madzi wamba.

Asilikali a Britain anali kale ndi chizolowezi chothira madzi owira mu mpope wa Lee-Enfield kudzera pa fanulo. Madziwo ankatsuka mcherewo ndipo kutentha kwake kunkaumitsa chitsulo msanga. Kenako ankakoka chingwe chokhala ndi kachitsulo kumapeto, chomangiriridwa kansalu ka mainchesi 4 m'litali ndi 2 m'lifupi. Chingwecho pamodzi ndi kabotolo ka mafuta zinkasungidwa m'kabowo ka kuthako kwa mfuti. Iyi ndi mfuti imene askari a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles ankanyamula pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Ma primer opanda mcherewu anayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, monga Kleanbore ya kampani ya Remington ndi Sinoxid ya ku Germany, koma asilikali a America anasinthiratu cha m'ma 1950. Zipolopolo zambiri zakale za AK-47 zopangidwa ku Soviet Union ndi mayiko ogwirizana nalo zikadali za mtundu wamchere uja, choncho phunziro la Huff silinathe ntchito.

Mankhwala odziwika

Frank Hoppe wa ku Pennsylvania anapanga Hoppe's No. 9 m'chaka cha 1903, ndipo mpaka lero akugulitsidwabe. Ku Germany, Helmut Klever anapanga Ballistol m'chaka cha 1904, ndipo asilikali a dzikolo anaigwiritsa ntchito mpaka 1945. Ballistol imasakanikirana ndi madzi n'kuoneka ngati mkaka, zimene zimathandiza pa vuto la mchere. Asilikali a America masiku ano amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa CLP, amene amatsuka, kufewetsa ndi kuteteza nthawi imodzi. Ndi osavuta kunyamula kunkhondo, koma pochotsa mkuwa wambiri sangafanane ndi mankhwala opangidwira ntchito imeneyo yokha. Mankhwala a amoniya wamphamvu sayenera kusiyidwa mu mpope nthawi yaitali kuposa imene yalembedwa pabotolo.

Katsukidwe

Chinthu choyamba nthawi zonse ndi kuchotsa zipolopolo ndi kuona ndi maso kuti mulibe chotsala. Anthu ambiri afa ndi mfuti imene wotsukayo ankati ilibe kanthu. Kansalu konyowetsedwa ndi mankhwala kamakankhidwa ndi ndodo kuchokera kumbuyo kupita kukamwa, wotsuka amadikira pang'ono kuti mankhwala alowerere, kenako bulashi, kenako tinsalu touma mpaka titatuluka toyera. Ntchitoyi imafuna malo opita mphepo komanso kusamba m'manja pomaliza, chifukwa mtovu ndi poizoni.

Kutsuka kosasamala kumawononga mpope kuposa litsiro. Mphepete mwa kamwa la mfuti ndi malo omaliza kukhudza chipolopolo, ndipo ndodo kapena chingwe chikamakhula mbali imodzi nthawi zonse, kamwalo limaperepeseka, mpweya umatulukira mbali imodzi n'kupotoza chipolopolo. N'chifukwa chake asilikali a Britain ankalangizidwa kukoka chingwe molunjika osakhudzitsa m'mbali. Mafuta ochuluka ayenera kupukutidwa mfuti isanawombedwe, ndipo kansalu koiwalidwa mkati kangathe kutupitsa kapena kuphulitsa mpope. Komanso mpope woyera kwambiri nthawi zambiri umaponya chipolopolo choyamba pambali pang'ono, motero opikisana amayamba awomba kangapo asanayambe kuwerengera.

Phunziro la M16 ku Vietnam

Mfuti ya M16 itafika m'manja mwa asilikali a America ku Vietnam, ambiri anauzidwa kuti siifuna kutsuka kwambiri, ndipo zipangizo zotsukira zinali zosakwanira. Pa nthawi yomweyo wonga wa m'zipolopolo unasinthidwa n'kuyamba kugwiritsa ntchito wina wosiya mwaye wambiri, ndipo chipinda chimene chipolopolo chimakhalamo chinalibe chokutira choteteza ku dzimbiri. M'dziko lachinyezi ngati limenelo, zigoba za zipolopolo zinkakanirira, ndipo asilikali ena anaphedwa akulimbana ndi mfuti zokana kuwomba. M'chaka cha 1967 komiti ya nyumba ya malamulo yotsogozedwa ndi Richard Ichord inafufuza nkhaniyi. Zotsatira zake chipindacho chinayamba kukutidwa ndi chrome, zipangizo zotsukira zinagawidwa, ndipo katswiri wojambula Will Eisner anakonza kabuku ka zithunzi kophunzitsa kasamalidwe ka mfutiyo.

Zokutira mkati mwa mpope

Chrome amateteza ku dzimbiri ndi kutentha, ndipo anagwiritsidwa ntchito m'mfuti ya ku Japan ya Type 99 ya 1939 komanso mu AK-47. Vuto lake ndi lakuti n'kovuta kumuyala mofanana paliponse, choncho mfuti zambiri za mpikisano sizikhala naye. Njira ina ndi kulowetsa nitrogen pakhungu la chitsulo kuti lilimbe popanda kuwonjezera kukhuthala. M'zaka za m'ma 1990 kunatchuka kupaka zipolopolo ufa wa molybdenum disulfide kuti zizitsetsereka, koma ambiri anausiya ataona kuti nawonso umaunjikana ndipo umavuta kuchotsa. Palinso chizolowezi chotsuka mpope watsopano pambuyo pa chipolopolo chilichonse kwa maulendo angapo oyamba, ati kuti usalale. Amisiri opanga mipope sagwirizana pa zimenezi: ena amalemba malangizo ake pogulitsa, pamene ena amati n'kungotha zipolopolo ndi mpope womwe.