Za Chilolezo Chokumbira Mtsinje mu Mzinda wa Tshwane

Munthu woima pa mlatho ku Centurion m'nyengo yachisanu, pamene mtsinje wa Hennops uyenda mofatsa pakati pa milu ya mchenga ndi bango, mabotolo apulasitiki atakodwa pa zitsa, sangakhulupirire msanga kuti ndi mtsinje womwewo umene pa 9 Disembala 2019 unalowa mu hotela ya m'mbali mwa nyanja ya Centurion, numiza magalimoto m'mabwalo, kufikira alendo anachita kutengedwa ndi helikoputa za asilikali. Ndipo m'masiku omwewo, kum'mawa kwa mzinda, mtsinje wa Pienaars unakokolola nyumba za malata mazanamazana pa Eerste Fabrieke ku Mamelodi, anthu nakagona m'matchalitchi ndi m'maholo. Mu Febuluwale 2022 madzi anabweranso m'malo omwewo. Tsono nthawi iliyonse madzi akaphwa, funso limene limveka m'mataxi ndi m'misonkhano ya khansala limakhala limodzi: chiletsa n'chiyani kubweretsa katapila, kukumba mchenga wonsewo, kuti mtsinje upeze njira? Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake liyenera kudziwika kwa aliyense wokhala mu mzinda uno, mbadwa ndi mlendo yemwe, makamaka abale athu ochokera ku Malawi, amene ambiri a iwo amagwira ntchito za m'munda ndi za zomanga m'mipanda yoyandikana ndi mitsinje imeneyi.

Choyamba kudziwa n'chakuti mu South Africa mtsinje si wa mwini munda umene mtsinjewo udutsamo. Kale, pansi pa lamulo la madzi la 1956, eni malo a m'mphepete mwa mtsinje anali ndi mphamvu yaikulu pa madzi. Koma mu 1998, Kader Asmal ali nduna ya zamadzi, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa National Water Act, limene linaika madzi onse a m'dziko m'manja mwa boma monga mdindo wowasungira anthu onse. Ndime 21 ya lamuloli iwerenga ntchito zimene ziyesedwa kugwiritsa ntchito madzi, ndipo pakati pa izo pali ziwiri zimene munthu wamba sakanaziganizira, pakuti satunga ngakhale dontho: kutchinga kapena kupatutsa madzi oyenda m'khwawa mwake, ndi kusintha pansi pa mtsinje, magombe ake, njira yake kapena maonekedwe ake. Chifukwa chake wokumba mchenga, womanga khoma la miyala pagombe, ngakhale wowongola pamene mtsinje unakhota, onsewa pamaso pa lamulo agwiritsa ntchito madzi, ndipo ayenera kukaonekera ku Dipatimenti ya Madzi ndi Ukhondo, imene likulu lake lili mu msewu wa Francis Baard mu Pretoria momwe muno.

Mphamvu ya dipatimentiyi silekeza pamene madzi alekeza lero. Ifika pa mzere umene akatswiri auyesa malire a chigumula chobwera kamodzi pa zaka 100. Pamene mzerewo sunayezedwe, ifika mamita 100 kuchokera pagombe. Ndipo pamene pali dambo, ifika mamita 500 mozungulira. Wofuna kugwira ntchito m'kati mwa malire amenewa alemba katswiri wa mitsinje ndi madambo, wolembetsedwa ku bungwe la asayansi la SACNASP, amene ayenda pamalopo, nayeza dothi ndi zomera, nalemba ngati chiopsezo cha ntchitoyo n'chaching'ono, chapakati kapena chachikulu. Chikakhala chaching'ono, mwini ntchito angolembetsa pansi pa chilolezo cha onse, chimene dipatimenti inalengeza mu 2016 ndi kuchikonzanso mu Disembala 2023, nasunga malangizo ake. Chikapitirira apo, palibe kuchitira mwina koma kupempha laisensi yeniyeni kudzera pa intaneti, m'njira yotchedwa e-WULAAS. Kale pempho lotere linkaloledwa kutenga masiku 300, ndipo ambiri ankadikira koposa apo; mu 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analonjeza kuti masikuwo atsika kufika pa 90, ndipo dipatimenti inayamba kutsata muyeso umenewu mu 2021. Koma wowerenga azindikire kuti masiku 90 ayamba kuwerengedwa mapepala onse atakwanira, ndipo kusonkhanitsa mapepalawo ndiko kumadya miyezi. Laisensi ikatuluka singapitirire zaka 40, ndipo iunikidwanso zisanathe zaka 5 zilizonse.

Limenelo ndi khomo limodzi; lilipo lachiwiri, ndipo chilolezo cha khomo lina sichitsegula linzake. M'chaka chomwecho cha 1998 munabadwanso lamulo la zachilengedwe, limene onse alitchula mwachidule kuti NEMA, ndipo malamulo ake aang'ono a 2014, okonzedwanso mu 2017, anena kuti wochotsa kapena wothira dothi, mchenga kapena miyala yoposa makyubiki mita 10 mu mtsinje ayenera kuyamba walandira chilolezo cha zachilengedwe. Amene anagwirapo ntchito ya zomanga adziwa muyeso umenewu ndi maso: ndiwo mchenga wodzaza lole imodzi yaikulu ya tipa, ntchito imene katapila aimaliza tiyi asanazizire m'kapu. Mu Tshwane chilolezochi chimaperekedwa kawirikawiri ndi dipatimenti ya chigawo cha Gauteng yoona zachilengedwe, imene ambiri akuitchabe GDARD. Wopempha alemba mlangizi woima payekha, wolembetsedwa ku bungwe la EAPASA, kuti akonze lipoti m'masiku 90. Anthu apatsidwa masiku osachepera 30 kuti aliwerenge ndi kuyankhapo. Ndipo lipoti lomaliza likaperekedwa, boma lili ndi masiku 107 kuti ligamule.

Alipo ambiri onena kuti zonsezi ndi kuchedwetsa chabe, ndipo ine sindiwanyoza, pakuti munthu amene madzi anam'fika pa zenera sakondwera kumva za malipoti. Komatu tilingalire chimene chichitika pamene munthu akumba yekha. Iye azamitsa ndi kuwongola chigawo chake cha mtsinje, madzi nathamanga koposa kale, nakagwa ndi ukali wonse pa mnansi wa kumunsi, amene sanafunsidwe kanthu. Gombe limene bango linkaligwira ligumuka, ndipo mchenga wake ukaunjikana pa mlatho wotsatira. Mzinda uno unayesapo kale njira yomanga mtsinje: chitapita chigumula cha 1909, mtsinje wa Apies unaikidwa mu ngalande ya simenti podutsa pakati pa Pretoria, ndipo ngakhale misewu ya m'tauni inapulumuka, madzi atuluka m'ngalandemo ndi liwiro limene mtsinje wa bango sukanakhala nalo. Palinso nkhani ya matope enieniwo. Hennops alandira zonyansa za m'mipope yophulika ndi za m'malo oyeretsera suweji olemedwa ndi kuchuluka kwa anthu, kotero kuti matope a m'nyanja ya Centurion sangangotayidwa paliponse. Ayenera kuyezedwa, ndipo akapezeka oipa agwa pansi pa lamulo la zinyalala la 2008. Ndipo woganiza zogulitsa mchengawo kwa omanga nyumba adziwe kuti mchenga uwerengedwa pamodzi ndi miyala ya mtengo wapatali m'lamulo la migodi la 2002, ndipo kuugulitsa kufuna chilolezo chakechake.

Tsono apa ndi pamene ndifuna owerenga adekhe, pakuti pali chinthu chimene ambiri odandaula sachidziwa. Lamulo lomwelo limene liika muyeso wa makyubiki mita 10 lipatula ntchito yosamalira mtsinje, ngati ichitika motsata dongosolo la kasamalidwe limene boma linalivomereza kale, lotchedwa Maintenance Management Plan. Khonsolo, kapena bungwe la eni nyumba a mumpanda umodzi, kapena eni malo angapo ogwirizana, akhoza kukhala pansi m'nyengo yopanda mvula, nalemba kuti mchenga udzachotsedwa pati ndi pati, m'miyezi iti, ndi makina olowera njira iti, kuzama kufika pati, ndi kukatayidwa kuti. Ndipo dipatimenti ikavomereza dongosololo, iwo abwereza ntchitoyo chaka ndi chaka kwa nthawi yonse imene anapatsidwa, osayambanso ulendo wa malipoti. Mbali ya Dipatimenti ya Madzi ikhalapobe, koma ntchito yokonzedwa bwino chotere ipeza njira yopepuka kumenekonso. Dongosololi ndi losamalira chimene chilipo kale, si lokulitsira ngalande kapena kumanga zatsopano. M'kuona kwanga, pamene mtsinje wakhala zaka osasamalidwa, mlandu kawirikawiri suli pa kuuma kwa lamulo, koma pa kusakonzekera kwa iwo amene anayenera kupempha mu Meyi chimene adzachifuna mu Disembala.

Ngakhale pa tsiku la tsoka lamulo silimanga manja a anthu. Ndime 30A ya NEMA ilola akuluakulu a zachilengedwe kupereka lamulo, ngakhale la pakamwa, kuti ntchito ichitike pomwepo popanda chilolezo cha masiku onse, ngati moyo wa anthu, katundu kapena chilengedwe zili pa ngozi yadzidzidzi. Mawu a pakamwawo atsimikizidwa pambuyo pake ndi kalata. Koma khomo ili n'la mlatho wotsekeka usiku wa chimvula, si la mchenga umene aliyense wakhala akuuona ukukula kwa zaka zisanu.

Wokumba popanda chilolezo adziika pa mlandu wolemera. Pansi pa NEMA chilango chifika pa R10 miliyoni kapena zaka 10 m'ndende, kapena zonse ziwiri. Pansi pa lamulo la madzi, kulakwa koyamba kufika pa zaka 5. Ndime 24G ilola wolakwa kupempha kuti ntchito yake ilungamitsidwe pambuyo, koma ayamba walipira chindapusa chimene tsopano chingafike pa R10 miliyoni, ndipo kulipirako sikum'tsimikizira chilolezo, kapena kum'tchinjiriza ku bwalo la milandu. Apa ndilankhule ndi inu, achimwene, amene bwana akutumani ndi fosholo ndi wilibala, kapena wakukwezani pa makina, nati tsegulani khwawa ili mvula isanabwere. Woyamba kufunsidwa ndi mwini malo, indedi. Koma malamulo onse awiri salekerera wantchito amene anachita ndi manja ake, ndipo oyendera a zachilengedwe, amene kuno awatcha Green Scorpions, akafika apeza inu m'matope, bwana ali ku ofesi. Kufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, kodi pepala la ntchito imeneyi lilipo?" si chipongwe ayi, safunsa anadya phula. Kutola mapulasitiki ndi zinyalala ndi manja, monga achitira a bungwe la Hennops Revival chiyambire 2019, ndi nkhani ina, ndipo n'kotamandika.

Ndime 144 ya lamulo la madzi iletsa kukhazikitsa dera latsopano la nyumba ngati mapu ake saonetsa mzere wa chigumula cha zaka 100. Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo ndime imeneyi ingolemba nzeru yomweyo pa mapu. Koma osauka a ku Mamelodi sanamange m'chigwa chifukwa chosadziwa madzi. Anamanga pamenepo chifukwa ndi pokhapo pamene panalibe mpanda, pafupi ndi sitima ndi ntchito. Kwa iwo katapila sangathandize kwenikweni, pakuti palibe kuzama kumene kungachotse chigumula m'chigwa chake. Chofunika ndi malo ena okwera, ndipo umenewo ndi udindo wa boma umene sungakwiriridwe pansi pa nkhani ya zilolezo.

Nyanja ya Centurion inapangidwa ndi anthu potchinga mtsinje wa Hennops m'zaka za m'ma 1980, tauniyo ikutchedwa Verwoerdburg, ndipo kutchinga mtsinje wonyamula mchenga ndiko kuupatsa mchengawo pogona. Wambiri uchokera ku Kaalspruit, mtsinje wodutsa ku Tembisa ndi ku Ivory Park, kumene madenga ndi misewu yachuluka, madzi a mvula nathamanga osalowa pansi, nadya magombe. Madera amenewo ali m'manja mwa Ekurhuleni ndi Johannesburg, pamene nyanja ili m'manja mwa Tshwane. Ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko apatsa khonsolo iliyonse udindo wa ngalande za madzi a mvula m'dera lake, mchenga sudziwa malire a khonsolo. Khonsolo ya Tshwane yatumizapo makina kangapo, mchenga nubwerera. Ife a ku Malawi tidziwa zimenezi pa Nkula, pamene EGENCO ikumba matope mu Shire chaka ndi chaka, pomwe gwero lake ndi mapiri ometedwa mitengo kumtunda.

Kwatsala kunena za mawu a munthu wamba. Mukaona chikwangwani chomangidwa pa waya pafupi ndi mtsinje, chosachepera masentimita 60 m'litali ndi 42 m'lifupi monga lamulo lifunira, cholembedwa tizilembo tambiri, musachipitirire. Pamenepo pali dzina la ntchito, dzina la mlangizi, ndi tsiku lomaliza kulandira ndemanga. Lembani kalata kapena imelo yopempha kuti dzina lanu lilowe m'kaundula wa okhudzidwa, ndipo munene zimene mudziwa: pamene madzi anafika chaka chakuti, mlatho umene umatsekeka, njira imene ana adutsa popita kusukulu. Mlangizi akakamizidwa kulemba ndemanga iliyonse m'lipoti ndi kuiyankha. Ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko ipereka ufulu wa chilengedwe chosavulaza thanzi kwa munthu aliyense, osati kwa nzika zokha, ndipo wokhala pa lendi ali ndi mawu monga mwini nyumba. Chigamulo chikatuluka osakukomerani, muli ndi masiku 20 ochita apilo pa chilolezo cha zachilengedwe. Pa laisensi ya madzi apilo ipita ku bwalo la Water Tribunal m'masiku 30, koma bwalolo limvera amene analemba kukana kwake pa nthawi yake, ndipo wokhala chete poyamba apeza chitseko chotseka.

Chaka cha ndalama cha khonsolo chiyamba pa 1 Julayi, ndipo ndondomeko ya bajeti iperekedwa kumapeto kwa Malichi, kuti anthu aikambirane m'misonkhano ya m'madera mwezi wotsatira. Pa msonkhano umenewo, mvula itangoleka kumene, ndi pamene khansala wa wadi yanu ayenera kufunsidwa pamaso pa anthu ngati mtsinje wa m'dera lanu uli nalo dongosolo lovomerezeka la kasamalidwe, ngati chilolezo cha madzi chinatengedwa, ndi ndalama zingati zaikidwa kuti makina alowe Okutobala asanafike.