Mkulu wa Maphunziro Apadera M'sukulu za Charter

M'dziko la America muli sukulu zotchedwa charter, zimene zinayamba ndi lamulo la m'chigawo cha Minnesota m'chaka cha 1991. Ndipo ngakhale zimayendetsedwa ndi mabungwe oima paokha, zimayendera ndalama za msonkho, kotero kuti sizilipiritsa fizi, ndipo ana akachuluka kuposa malo, amalowa mwa maere. Zambiri za sekondale mwa izo zimalonjeza makolo kuti mwana aliyense adzafika ku koleji, lonjezo limene kulemera kwake kumaoneka pa mwana wosamva, wosaona bwino, kapena amene zilembo zimamsokonekera powerenga.

Wosenza katundu ameneyu ndiye mkulu wa maphunziro apadera. Lamulo la 1975, limene kuyambira 1990 limatchedwa IDEA, limafuna kuti mwana wa ulumali alembedwere dongosolo lakelake, lotchedwa IEP. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, mkuluyu amasonkhanitsa makolo, aphunzitsi ndi akatswiri chaka ndi chaka, napangana nawo kuti mnyamata uyu akhale kutsogolo kumene adzaona milomo ya mphunzitsi, kuti mtsikana uyo aonjezeredwe nthawi pa mayeso a masamu, ndipo pambuyo pake amayendera makalasi kuti zolembedwazo zisathere papepala.

Yeso lake lalikulu nlakuti sukulu yofuna kutchuka ndi zotsatira za mayeso imakopeka kunong'oneza kholo kuti mwana wotere akachita bwino kwina. Ku New Orleans, kumene sukulu zambiri zinasanduka charter itapita mphepo yamkuntho ya Katrina ya 2005, makolo a ana a ulumali anakasuma kukhothi mu 2010, podandaula kuti ana awo akukanizidwa malo ndi thandizo. Mtsogoleri wokhulupirika amaima pakhomo kuti lisatsekeke, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma ntchito yoposa zonse ili patsogolo, chifukwa ku koleji IEP sigwira ntchito, ndipo wophunzira ayenera kupita yekha ku ofesi kukapempha thandizo limene lamulo limamlola. Nchifukwa chake lamulo limafuna kuti pofika zaka 16 dongosolo lake likhale litayamba kumkonzekeretsa za moyo wa m'tsogolo. Ndipo mkulu wanzeru amamkhazika pa msonkhano wake womwe, namphunzitsa kutchula vuto lake mopanda manyazi ndi kunena chimene chimamthandiza, kuti tsiku limene makolo ndi aphunzitsi adzakhala kutali, adzathe kudzilankhulira yekha.